ZA NKHONO YOONEKA NGATI NYONGOLOTSI

Mwezi wathawu, pocheza m'mabanja monga mwa nchito yathu, tidafika pa nyumba ina ya ku Area 49 mu mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi. Mwini nyumbayo ndi munthu woyendetsa galimoto zazikulu za katundu, ndipo masiku omwewo adali atangobwera kuchokera ku dooko la Nacala m'dziko la Mozambique. Atatilonjera ndi kutipatsa mpando, tidaona pa zenera kamwala kachilendo. Kamwalako kadali kokutidwa ndi tizitoliro toyera ndi tolimba, topotanapotana ngati matumbo a nkhuku, tina tonenepa ngati tsekera, tina ngati chala cha mwana. Kamwala kameneka kadali katautsa mlandu m'nyumbamo. Ana ankati ndi nyongolotsi zouma. Amai ao ankati ndi mizu ya zomera za m'madzi. Agogo akazi ankati iwo sangapeze tulo m'nyumba imene muli chinthu chopanda dzina. Ndipo mwini wake adati: "Aphunzitsi, ine chimene ndidziwa ndi chimodzi. Chinthuchi chidandicheka kuphazi ndikusamba m'nyanja yamchere, tsono ndidachigumula ndi chitsulo kuti anawa aone mdani wa atate ao. Inu mudawerenga mabuku, tiweruzeni."

Ife tidatenga kamwalako, ndi kusuzumira m'kati mwa chitoliro chimodzi chosweka, ndipo tidati: "Si nyongolotsi iai, si mizunso. Izi ndi zigoba za nkhono." Onse adaseka, pakuti ndani adaona nkhono yokhala m'chitoliro? Koma ndi zoona. Ndipo popeza nkhono imeneyi idatifikitsa pa nkhani ina yokhudza ana athu, tati tikulembereni zonse ziwiri, abale athu, kuti muwerengerane madzulo mutadya.

Nkhono imene siyenda

Anthu ophunzira za zolengedwa adaika nkhono zotere m'banja limodzi lotchedwa Vermetidae. Dzinali lidachokera ku mau a Chilatini akuti vermis, amene ife tidawaloweza ku seminale, ndiko kunena nyongolotsi. Mitundu yake ipitirira 100, ndipo yonse ikhala m'nyanja zamchere, makamaka m'madzi ofunda ndi osaya, pa matanthwe pamene mafunde amenya. M'nyanja yathu ya Malawi kapena m'mitsinje yathu simungaipeze.

Pobadwa kankhono kameneka sikasiyana ndi nkhono zina. Kali ndi kachigoba kozungulira bwino, kochepa ngati njere ya mawere, ndipo kamakwawa kapena kusambira kufunafuna malo. Kakapeza mwala woyenera, kapena chigoba cha nkhono ina, kamadzimata pamenepo ndi njereza yotuluka m'thupi mwake, ndipo ulendo wake wathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo kufikira imfa yake sikadzasunthanso. Chigoba chimaleka kuzungulira monga mwa mwambo wa nkhono, chimangotalika, kukhota apa, kukwera apo, kutsata maonekedwe a mwala ndi kulewa zinzake zoyandikana nazo. Chifukwa chake nkobvuta kupeza zigoba ziwiri zofanana. Chitoliro chikasweka kukamwa nkhono imachikonza, kawirikawiri ndi kulozetsa khomo latsopano kwina. Ndipo mitundu ina ikakula imatseka chigawo chakale cha kumbuyo ndi kakhoma, monga munthu amene wasamukira ku chipinda cha kumaso.

Tsono mudzafunsa kuti, chamoyo chosayenda chidya bwanji? Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Mudziwa nonse kuti nkhono ya kumunda ikamayenda imasiya mzere wonyezimira wa madzi onanda ngati therere. Nkhono ya m'chitoliro iri nao madzi onandawo, koma popeza iribe ulendo, imawagwiritsa nchito ina. Imawatulutsa ngati ulusi, ndipo mafunde amatambasula ulusiwo kufikira usanduka ukonde wopyapyala wonga wa kangaude. Tizirombo tosaoneka ndi maso ndi tinyenyeswa ta zomera toyandama m'madzi timakakamira pa ukondewo. Pakapita kanthawi nkhono imaukoka ndi lilime lake, limene liri ndi timano tambirimbiri ngati tupa, nimeza zonse, chakudya ndi ukonde womwe. Ikatero iponyanso wina. Msodzi wa ku Senga Bay akadatha kudya khoka lake madzulo ndi kutulutsa latsopano m'mawa, bwenzi atagula kale galimoto. Mitundu ina imasefanso madzi ndi ziwalo zake zopumira, nitola chakudya m'menemo.

Ngakhale kuberekana kwa nkhonozi kudalira ukonde womwewo. Yaimuna ndi yaikazi sizingayenderane, pakuti zonse ziri zomatika pa mwala. Yaimuna imakulunga mbeu yake m'kathumba ndi kukataya m'madzi, ndipo kathumbako kakakodwa mu ukonde wa yaikazi, iyo imakakoka pamodzi ndi chakudya. Mazira siiwataya pabwalo, imawasunga m'kati mwa chitoliro chake kufikira ataswa. Mitundu ina iri ndi kachitseko kolimba kotsekera pakhomo nsomba ikafika; ina iribe, imangothawira m'kati mwenimweni.

Ana aja oti ndi nyongolotsi sadanene zopusa. Ziripo ndithu nyongolotsi za m'nyanja zimene zimamanganso zitoliro za njereza pa miyala, ndipo akatswiri akale omwe adasokonezeka nazo. Carl Linnaeus mwini wake, amene adakhazikitsa mwambo wopatsa chamoyo chiri chonse maina awiri a Chilatini, mu 1758 adalemba mtundu wina wa nkhonozi pamodzi ndi nyongolotsi zotere. Chozisiyanitsa ndi ichi: chitoliro cha nkhono chimanyezimira m'kati ngati kapu yadothi ya ku sitolo, pamene cha nyongolotsi chimakhala chotuwa ngati choko. Ndipo mwini nyumba akasuzumira pakhomo, wa nyongolotsi atambasula zonga nthenga, koma wa nkhono aonetsa mutu wa tinyanga.

Abale athu amene ali pa nchito ku Durban ndi ku Cape Town akhoza kuziona pa matanthwe nthawi imene madzi a nyanja abwerera. M'gombe limenelo muli mtundu wina wotchedwa Thylacodes natalensis, umene ukonda kukhala paokha, ndi wina, Dendropoma corallinaceum, umene ukhala m'chigulu. Ku nyanja ya Mediterranean, cha ku Sicily, zigoba za nkhono zotere zidaunjikana zaka mazana ambiri kufikira zidapanga khonde lamwala m'mbali mwa gombe, limene litchinjiriza mtunda ku mafunde. Umodzi mwa mitundu yaikulu ndi Ceraesignum maximum, umene khomo lake lilowa chala chachikulu cha munthu. Anthu a pa zisumbu za Polynesia amaudya ngati ndiwo, koma ukonde wake umaphimba korali, ndiwo matanthwe amoyo a m'nyanja, ndi kuwalepheretsa kukula bwino.

Akamba a ku Valencia

Ku Valencia m'dziko la Spain kuli nyumba yaikulu yosungiramo zamoyo za m'nyanja, dzina lake Oceanogràfic. Kumeneko ankalera tiana ta akamba a m'nyanja m'mathanki, ndipo tianato tidayamba kudwala. Pofufuza adapeza nyongolotsi zazing'ono m'mitsempha ya magazi ao. Nanga zidalowa bwanji mwa akamba osungidwa m'nyumba? Adasanthula malo osefera madzi a m'mathankimo, napezamo nkhono za m'zitoliro zitamatika, ndipo m'matupi mwa nkhonozo mudali ana a nyongolotsi yomweyo. Nkhaniyi idasindikizidwa mu 2017, ndipo kadali koyamba kuti anthu adziwe bwinobwino ulendo wonse wa nyongolotsi ya m'magazi ya akamba a m'nyanja.

Tsono nyongolotsi ya akambayo ndi mbale wake wa nyongolotsi imene iyambitsa likodzo mwa anthu. Zonse zikhala m'mitsempha ya magazi, ndipo zonse sizingathe kuchoka mwa wodwala mmodzi kulowa mwa wina popanda kuyamba zagona mwa nkhono. Nkhono ya pa zenera ija, ngakhale ioneka moopsa, singapatse munthu likodzo. Imene ipatsa munthu likodzo iri kwathu kuno, ndi yaing'ono, ya maonekedwe abwino, ndipo palibe amaiopa.

Pamene tidatchula mau akuti likodzo m'nyumba muja, amai a ana adayang'ana apongozi ao, ndipo kudali chete kanthawi. Kenaka adati mwana wao wamwamuna wa zaka 11 wakhala akukodza magazi kwa miyezi ingapo, timadontho potsiriza kukodza. Agogo adati: "Msiyeni mwana, akukula ameneyu. Atate ake omwewa adakodza chomwecho tiri kumudzi, lero si awa akuyendetsa galimoto?" Tidamfunsa mnyamatayo kumene amasamba. Adayang'ana pansi, nati amasamba m'bafa. Mlongo wake wamng'ono ndiye adaulula kuti akaweruka ku sukulu amapita ndi anzake ku maenje a njerwa a kudambo.

Mau a agogowo tawamva kambiri m'midzi, ndipo sitiwanyoza, pakuti pamudzi pamene anyamata onse akodza magazi chinthucho chioneka ngati chizindikiro cha kukula. Koma magazi amenewo atuluka pa mabala a m'chikhodzodzo, ndipo chimene chiboola mabalawo ndi mazira a nyongolotsi.

Ulendo wa likodzo

Nyongolotsi imeneyi adayamba kuiona ndi dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851, potumbula mitembo m'chipatala cha ku Cairo. Ndicho chifukwa chake Azungu atcha matendawa bilharzia. Koma padapita zaka 64 anthu asadadziwe njira imene ilowera mwa anthu a mu Africa, kufikira mu 1915 pamene Robert Leiper, pogwira nchito ku Egypt komweko, adaonetsa kuti idzera mwa nkhono za m'madzi, ndi kuti pali mitundu iwiri ya nyongolotsi, uli wonse ndi nkhono yake.

Tiyambe ndi munthu wodwala. M'mitsempha yake mukhala nyongolotsi zotalika sentimita 1 kapena 2, yaimuna itafungatira yaikazi. Mtundu wotchedwa Schistosoma haematobium ukhala m'mitsempha ya pa chikhodzodzo, ndipo wina, Schistosoma mansoni, ukhala m'mitsempha ya pa matumbo. Yaikazi iikira mazira ochuluka tsiku liri lonse, dzira liri lonse ndi kaminga kake. Ena mwa mazirawo aboola khoma la chikhodzodzo kapena la matumbo natuluka ndi mkodzo kapena ndi chimbudzi. Dzira likagwera m'dzenje la chimbudzi kapena pa nthaka youma limafa, nkhani nkuthera pomwepo. Koma likagwera m'madzi a mtsinje, a dziwe kapena a chithaphwi limaswa msanga, ndipo mumatuluka kachirombo kosambira. Kachirombo kameneka sikangathe kulowa mwa munthu. Kafuna nkhono, ndipo kakapanda kuipeza tsiku lisadathe kamafa.

Kakaipeza kamaboola thupi lake lofewa, ndipo m'kati mwa nkhonomo kamachulukana. Taonani kuopsa kwake: kadalowa kamodzi, koma pakapita milungu 4 kufikira 6 nkhono iyamba kutulutsa tizirombo zikwizikwi, tsiku ndi tsiku, kwa milungu yambiri. Tizirombo timeneti sitikwana milimita 1, tiri ndi mchira wamphanda, ndipo tituluka tochuluka pamene dzuwa liri pamutu, ndiyo nthawi yomwe ana athu athamangira kumadzi. Sitifuna bala kapena chilonda, timaboola khungu langwiro m'mphindi zochepa. Munthu angomva kuyabwa pang'ono, kapena osamva kanthu. Tikalowa timayenda ndi magazi kudzera m'mapapo kufikira kuchiwindi, kumene timakula ndi kupezana yaimuna ndi yaikazi. Ndipo pakapita miyezi 2 kapena 3 mazira ayamba kutuluka. Nyongolotsi zimenezi zikhoza kukhala m'thupi zaka 3 kufikira 10.

Apa muone nokha kuti likodzo silibwera chifukwa chodya nzimbe zambiri, kapena chifukwa cholumpha pamene wina wakodza, kapena chifukwa chodyera m'mbale imodzi ndi wodwala, monga anena ena. Pafunika zinthu zitatu zikomane: wodwala wodzithandiza m'madzi kapena m'mbali mwake, nkhono ya mtundu wake, ndi khungu la munthu wina m'madzi omwewo.

Nkhono yake ndi iti?

Tinene msanga kuti nkhono yaikulu ya kumunda, imene ituluka mvula ikagwa, iribe mlandu wa likodzo. Nkhono zazikulu za m'madambo ndi za m'nyanja zokhala ndi chitseko pakhomo pao, ndiponso zija zazitali zosongoka ngati nyanga, nazonso sizisunga likodzo la anthu. Zoopsa ndi ziwiri, zonse zazing'ono ndi zopanda chitseko. Yoyamba ndi Bulinus, yonenepa ngati nzama, ya chigoba chopyapyala chofiirira. Mukanyamula chigoba chake chouma, nsonga iri kumwamba ndi khomo likuyang'ana inu, khomolo likhala ku dzanja lamanzere. Imeneyi ndiyo ya likodzo la mkodzo. Yachiwiri ndi Biomphalaria, yaphwatalala ndi yozungulira ngati batani la malaya, ndiyo ya likodzo la m'matumbo. Zamoyo musazigwire ndi manja.

Nkhono izi zikonda madzi odekha kapena oyenda pang'onopang'ono, okhala ndi ndere, udzu ndi masamba obvunda. Madzi otere tiri nao ponseponse: maenje amene atsala anthu akaumba njerwa, zitsime zosaya za m'madimba, madamu omwetsa ng'ombe, ngalande za m'minda ya mpunga, ndi m'mbali mwa mitsinje mwa bango. Mtsinje ukasefukira, monga idachitira Lingadzi mu February 2017 pamene idalowa m'nyumba za ku Mtandire ndi za ku Area 49, madzi pobwerera asiya zithaphwi zambiri zimene ana azisandutsa malo osewerera. Ndipo musati dziwe likauma m'chilimwe nkhono zatha iai. Bulinus imadzikwirira m'matope nikhala chete miyezi ingapo, mvula ikabwera idzuka.

Ambiri ayesa kuti likodzo ndi matenda a kumudzi ndi a kunyanja okha, ndi kuti munthu wa m'tauni wokhala ndi mpopi wapulumuka. Sitibvomera. Mpopi ukauma, kapena ndalama yogulira madzi ikasowa, amai atenga zochapa kunka nazo kumtsinje. Okumba mchenga aima m'madzi tsiku lonse. Olima ndiwo zamasamba kudimba alowa m'chitsime ndi ndowa kambirimbiri pa tsiku. Ana a m'tauni apita kwa agogo ao pa tchuthi, ndipo ana a kumudzi abwera kudzaphunzira m'tauni, ali yense ndi zimene wanyamula m'thupi mwake. Kudambo kulibe chimbudzi, ndipo mnyamata wosambira m'dzenje la njerwa satuluka kuti akakodze kutali.

Za kunyanja tinene pang'ono, popeza magulu ambiri a achinyamata ndi a makwaya a mu Lilongwe apitako kukasangalala. Kale anthu ankati m'nyanja ya Malawi, pa mchenga woyera pamene mafunde amenya, palibe likodzo; liri m'madambo ndi m'mathithi a m'mbali mokha. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 odwala adachuluka ku Chembe, ku Cape Maclear, ndipo mu 2001 kudadziwika kuti nkhono ina ya m'nyanjamo, Bulinus nyassanus, imene ikhala pa mchenga pansi pa madzi, isunganso likodzo. Akatswiri amene adakhala zaka zambiri akuyang'ana malowo, monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen, adaona kuti nsomba zodya nkhono, makamaka yotchedwa Trematocranus placodon, zidachepa pafupi ndi mudzi chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo pamene nsombazo zidachepa nkhono zidachuluka. Mu 2017 nkhono ya Biomphalaria idapezekanso m'gombe la Mangochi, ndipo chaka chotsatira ana a sukulu a kumeneko adapezeka ndi likodzo la m'matumbo.

Chimene liononga

Agogo aja adanena zoona kuti mwana wao adakodza magazi, nakula, nakwatira. Likodzo silipha msanga ngati malungo, ndipo chifukwa cha ichi anthu alipeputsa. Koma mazira onse satuluka. Ambiri atsakamira m'mnofu wa chikhodzodzo, wa matumbo ndi wa chiwindi, ndipo thupi polimbana nao lipanga zipsera. Mwana wotaya magazi tsiku ndi tsiku achepa magazi, atopa msanga, sakula bwino, ndipo m'kalasi angosinza. Aphunzitsi amuyesa waulesi, makolo namkalipira. Zaka zikapita zipsera zikhoza kutseka njira za mkodzo ndi kuononga impso, ndipo ena agwidwa ndi khansa ya m'chikhodzodzo. Likodzo la m'matumbo limaumitsa chiwindi, kapamba amatupa, mimba imadzala madzi, ndipo pomaliza munthu akhoza kusanza magazi. Ili ndilo lobisika koposa, chifukwa mkodzo ukhala woyera.

Pali chinthu china chimene tichita manyazi kuchilemba, koma kuchibisa kwasokoneza mabanja. Mwa atsikana ndi amai mazira a likodzo amatsakamiranso m'njira ya chiberekero, nayambitsa zilonda, kuwawa m'chinena, kutaya magazi ndi zina zotuluka, ndipo nthawi zina kusabereka. Zizindikiro zimenezi zifanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Motero mtsikana wosalakwa anenedwa kuti ndi woyendayenda, mai wokhulupirika akaikiridwa ndi mwamuna wake, chonsecho chimene adachita ndi kuchapa kumtsinje ali mwana. Amuna nao nthawi zina aona magazi mu umuna. Amene aona zotere apite ku chipatala, ndipo auze adotolo za madzi amene adasambamo, ngakhale padapita zaka.

Bvutoli si la Amalawi okha. Bungwe la World Health Organization lidawerenga kuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika mankhwala a likodzo, ndipo ochuluka ndithu mwa iwo ndi a mu Africa.

Mankhwala ndi madzi

Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel, ndipo adapangidwa m'zaka za m'ma 1970. Amamwa tsiku limodzi lokha. Muyeso wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iri yonse ya thupi la munthu, ndipo mbulu umodzi uli ndi mamiligalamu 600. Chotero mwana wolemera makilogalamu 30 alandira mibulu 2. Pogawa m'sukulu, monga Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuchitira kwa zaka zambiri, alangizi amaimika mwana pa ndodo yoyesera msinkhu m'malo mwa sikelo. Tamva makolo ena akuletsa ana ao kupita ku sukulu tsiku la mankhwala, ati amaledzeretsa, ati amatseka kubereka. Za kubereka ndi bodza. Likodzo ndilo lingaononge kubereka. Za chizungulire, nseru ndi kupotokola kwa m'mimba ndi zoona, makamaka kwa mwana amene wamwa ndi njala kapena amene ali ndi nyongolotsi zambiri, koma zitha tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Tsono tsiku limenelo mwana adye phala lolimba kapena mbatata asadachoke pakhomo. Ana aang'ono osayamba sukulu ndi amai oyembekezera apite ku chipatala, kuti adotolo awayese okha.

Dziwani ichinso, kuti mankhwalawa apha nyongolotsi zazikulu, koma zazing'ono zimene zangolowa kumene zikhoza kupulumuka, ndipo satchinjiriza munthu kuti asagwidwenso. Mwana womwa mankhwala Lolemba ndi kubwerera ku dzenje Lachiwiri wayambanso ulendo womwewo. Nchifukwa chake agawa chaka ndi chaka.

Madzi a pa mjigo, a pa mpopi ndi a m'chitsime chakuya chotsekedwa bwino alibe likodzo, chifukwa mulibe nkhono. Ngati mulibe pena potunga koma kumtsinje kapena padziwe, pali njira yosalira ndalama. Tizirombo ta mchira wamphanda sitidya kanthu, ndipo tikapanda kupeza munthu timafa. Tungani madzi, muone kuti simudatungire nkhono, muwasunge m'ndowa masiku 2 athunthu, ndipo akhala abwino kusamba ndi kuchapira. Kuwatenthetsa pamoto kufikira atatentha ndithu kuphanso tiziromboto. Akumwa awiritsidwe, chifukwa cha matenda enanso. Wotungayo asalowe m'madzi ngati angathe kuima pa mwala kapena pa thabwa, ndipo a kudimba ndi okumba mchenga amene angathe kugula nsapato za mphira zazitali agule. Amene aumba njerwa akwirire maenje ao akatha, kapena atsegule ngalande kuti madzi asaime. Mafumu ndi akuluakulu a m'malokeshoni ali ndi mphamvu yolamula zimenezi, monga alamulira za manda ndi za miseu. Chimbudzi chimangidwe kumunda ndi kudimba komwe, osati pakhomo pokha. Ndipo anyamata auzidwe poyera, ndi atate ao, kuti kukodza m'madzi ndiko kudyetsa nkhono.

Tidabwereranso ku nyumba ija patapita milungu iwiri. Amai adali atapita naye mnyamata uja ku chipatala, kumene adayesa mkodzo wake pa galasi lokulitsa zinthu napezamo mazira. Adamuika pa sikelo, namupatsa mibulu 2, ndipo magazi adali atayamba kuchepa. Anzake atatu osambira nao adali asadapite, chifukwa makolo a mmodzi adati alibe nthawi, ndipo a awiri enawo sadauzidwe konse. Tidalonjeza kuti tikawaona Loweruka. Atate a mnyamatayo adati nao akayezetsa akabwerako ku Nacala. Agogo sadabweze mau ao akuti mwana akukula, adangoti mankhwala sangaletse munthu kukula, tsono amwe. Kamwala kaja kakali pa zenera pomwepo, ndipo agogo akuti tsopano agona bwino popeza chinthucho chapezeka ndi dzina. Kamtsikana kaja ndiko kamaonetsa alendo, nkumati ndi nkhono. Koma mpaka tsiku limenelo padalibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene adakakhulupirira.